Napolo tisamuseke, timuike m'chenjezo

Kumunsi kwa phiri la Michesi ku Phalombe, m'munda umene banja lathu linkalima chimanga ndi nandolo, muli mwala waukulu ngati nkhokwe. Khasu limauzungulira chaka ndi chaka. Ana amakwerapo akatumidwa kukaingitsa mbalame, amayi amayanikapo makaka. Tsiku lina ndili wamng'ono agogo anga aakazi anandiimika pamwalapo, dzanja lawo lili paphewa panga, nati: "Iwe, uwone bwino. Mwala uwu kwawo si kuno. Unatsika ndi Napolo. Ukadzakula usadzamange nyumba pamalo pamene pali miyala yotere, ngakhale amfumu atakupatsa ulere." Ndinawafunsa ngati iwo anamuonapo Napoloyo. Anati womuona sabwerako kudzasimba, koma kulira kwake anakumva, ngati malole ambiri akutsika phiri nthawi imodzi, nthaka n'kumanjenjemera kumapazi.

Ankanena za Malichi 1991, pamene matope, mitengo ndi miyala zinagumuka m'phirimo n'kukokolola midzi, milatho ndi anthu mazana angapo. A ku Zomba ali ndi yawo ya mu Disembala 1946. Kasimbidwe kake n'kofanana konsekonse: Napolo ndi chinjoka chokhala pansi pa phiri, ndipo chikafuna kusamuka chimatsata mtsinje kulowera kunyanja, n'kusesa chilichonse chimene chili m'njira yake. Nditafika kusekondale ndinaphunzira kuiseka nkhaniyi. Tinkaloweza mayina a mitambo m'Chingerezi, ndipo wotchula Napolo m'kalasi ankaoneka wotsalira. Lero ndikukhulupirira kuti kuseka kumene kuja kunatitayitsa chinthu chimene sayansi ya zanyengo ikuchisowa kwambiri m'dziko muno, ndicho mawu amene mayi akawamva amabereka mwana n'kutuluka m'nyumba osafunsa kawiri.

Tiyeni tikumbutsane za namondwe wa Freddy. Anayambira panyanja kufupi ndi Australia kumayambiriro kwa Febuluwale 2023, anawoloka nyanja yonse ya Indian, anamenya Madagascar, analowa mu Mozambique, anabwereranso panyanja kukatenga mphamvu zina, n'kudzatulukiranso pafupi ndi Quelimane pa 11 Malichi. Bungwe la zanyengo padziko lonse la WMO linadzatsimikiza kuti anakhala masiku 36, ndipo palibe namondwe wina wolembedwa m'kaundula amene anakhalitsa chotere. Masabata onsewo masetilaiti ankamuona. Akatswiri a nthambi yathu yoona zanyengo anachenjeza kutatsala masiku angapo, pawailesi, pa Facebook, pa WhatsApp, ndipo anatchula chigawo chakummwera. Sanaphonye. Komabe Lolemba pa 13 Malichi anthu anali akufukula abale awo ndi makasu ndi manja ku Chilobwe, m'tsinde mwa phiri la Soche. Ku Chiradzulu, ku Mulanje, ku Phalombe, midzi ina inafafanizika. Akufa ndi osowa pamodzi anapitirira 1,000, ndipo oposa 600,000 anasowa pokhala.

Ulosi unali wolondola, anthu n'kufabe. Pagona nkhani ndi pamenepa. Ine ndinali ku Blantyre sabata imeneyo, ndipo ndikukumbukira zimene tinkauzana m'minibasi Loweruka lake. Tinkati, kalanga anzathu a ku Nsanje ndi ku Chikwawa, madzi awapezanso. M'makutu mwathu mawu akuti kusefukira kwa madzi amatanthauza chigwa cha Shire, anthu ali pamitengo ndi pamadenga, mabwato akuwatola. Wokhala m'mbali mwa phiri ankadziona kuti ali pabwino kuposa onse, poti phunziro lonse la chigumula limati thawirani kumtunda, ndipo iye anali kale kumtunda. Mawu akuti namondwe nawo amatipatsa chithunzi cha chimphepo chosasula madenga. N'chifukwa chake mnansi wanga wina ndinamuona akusanjika njerwa ndi miyala pamalata, n'kulowa m'nyumba kukadikira kuti zidutse. Ku Soche chimene chinabwera chinali phiri lenilenilo likutsika. Dzina lake tinali nalo kale, koma tinalisiya kumudzi pamodzi ndi agogo.

Katswiri wa miyala ndi nthaka angakufotokozereni chonchi. M'mbali mwa mapiri athu dothi ndi lochepa, ndipo lagona pamwamba pa thanthwe losalowa madzi. Mvula ikagwa masiku atatu kapena anayi osakata, dothilo limakhuta, limalemera, ndipo madzi amayamba kuyenda pakati pa dothi ndi thanthwe. Pakapita nthawi chigawo chonse chimaterereka, chimagwera m'khwawa, chimasakanikirana ndi madzi n'kukhala phala lolemera moti limanyamula miyala yaikulu ngati nyumba. Phalalo limatsata makwawa ndi mitsinje, limabangula, ndipo likafika pachidikha limamwaza katundu wake yense. Pamene panagumuka kale pakhoza kugumukanso, ndipo miyala ikuluikulu yomwazika m'minda ndiyo mapazi amene linasiya. Tsopano bwererani ku mawu a agogo. Napolo amakhala m'phiri. Amadzuka mvula ikakhalitsa. Amatsata mtsinje. Amamveka asanaoneke. Pamene anadutsa amadzadutsaponso. Chotsanipo mamba ndi mutu wa njoka, zotsalazo katswiri aliyense avomereza. Makolo analibe zipangizo, anali ndi maso ndi maliro amene anaika, ndipo zimene anaona anazikulunga m'thupi la njoka kuti mwana asadzaiwale. Madzi saiwala khwawa, iwo anatero. Lipoti la ngozi ya 1991 likhoza kudyedwa ndi chiswe mu ofesi ina, koma nthanoyo inandifika ine ndili ndi zaka zosakwana 10, ndipo mpaka lero sindingagone m'nyumba ya pakamwa pa khwawa mvula ikugwa.

Wina anena kuti sayansi singagwiritse ntchito mawu a m'nthano. Koma yakhala ikutero kuyambira kale. El Niño amene tonse tikumutchula masiku ano, amene anatiumitsira chimanga mu 2016, n'kubweranso mu 2024 mpaka boma kulengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pangozi, dzina lake silinachokere kwa akatswiri. Linachokera kwa asodzi a ku Peru. Iwo ankaona kuti cha pa Khirisimasi madzi a m'nyanja amafunda nsomba n'kusowa, ndiye anawatcha kamwana kakamuna, kunena khanda Yesu. Pambuyo pake akatswiri anapeza kuti kufunda kwa nyanja ya Pacific kumeneko kumasokoneza mphepo ndi mvula mpaka kwathu kuno, kumene kawirikawiri kummwera kumauma pamene kumpoto kumalandira mvula yambiri. Dzina la asodzi analisunga. Kwathu konkuno, a zanyengo akanena kuti panyanja pakhala mwera, msodzi wa ku Nkhotakota kapena ku Mangochi amadziwa kuti bwato likhale pamtunda. Akanena chiperoni, mayi wa ku Thyolo amadziwa kuti lero si tsiku loyanika mphale. Dzina limeneli ndi la phiri la Chiperone ku Mozambique, mbali imene mitambo ndi nkhungu zija zimachokera. Mawu awiriwa amagwira ntchito chifukwa anthu anali nawo kale, akatswiri anangowapeza. Nanga chikuletsa n'chiyani kuti tsiku limene zipangizo zikuonetsa mvula yoopsa pa Mulanje, Michesi, Zomba, Soche ndi Ndirande, wailesi inene mosabisa kuti: "Inu a m'mbali mwa mapiri ndi m'makwawa, usiku uno kuli chiopsezo cha Napolo, musagone m'nyumba zanu"?

Pali chitsutso china cholemera kuposa chimenecho, ndipo sindichilumpha. Chikhalidwe chomwecho chimene chinatipatsa Napolo chinatipatsanso mawu akuti wamanga mvula. Ng'amba ikatalika mu Januwale, chimanga chitayamba kupota masamba, m'midzi ina maso amatembenukira kwa gogo wokhala yekha, kapena kwa woumba njerwa amene akuti sakufuna mvula kuti njerwa zake ziume. Mu Januwale 2016 ku Neno, mphenzi itapha mtsikana, anthu anapha okalamba anayi powaganizira kuti ndiwo anaitumiza. Lamulo la zaufiti la 1911 limaletsa kuloza munthu chala kuti ndi mfiti, koma lamulo limafika mochedwa gulu likakwiya. Apa sayansi ya zanyengo ili ndi ntchito yopulumutsa moyo imene sitiitchula kawirikawiri. Mudzi umene unauzidwa mu Okutobala kuti chaka chino kuli El Niño, ndipo ng'amba ya masabata awiri kapena atatu isakudabwitseni, ukaiona ng'ambayo sufunafuna woipalamula. Mwana amene waphunzira chifukwa chake mphenzi imakonda mtengo wautali ndi munthu woima pamtetete sadzanyamula chibonga kupita kwa agogo ake.

Choncho sindikunena kuti chakale chilichonse n'chabwino. Muyeso wanga ndi uwu. Chikhulupiriro chimene chimaloza malo, nthawi ndi zizindikiro, tichisunge n'kuchiyesa, mwina mwabisala nzeru ya mibadwo. Chimene chimaloza munthu tichitaye, ndipo amfumu, abusa ndi mashehe achite kunena pamaliro ndi pamisonkhano kuti m'mudzi muno mulibe munthu wa mphamvu zotseka kumwamba. Napolo wa agogo anga sankaloza munthu aliyense. Ankaloza khwawa.

Tisaiwalenso kuti kwa ife mvula sinakhalepo nkhani ya alimi okha. Tamverani mayina amene timamutchulira Mulungu: Chauta, mwini uta uja umaoneka mvula ikamakata, Mphambe, wa mabingu ndi ziphaliwali, Chisumphi, amene a ku Msinja ankamupempha mvula kudzera mwa Makewana, mayi woyang'anira kachisi wawo. Ku Khulubvi ku Nsanje kachisi wa Mbona akadalipo, m'nkhalango imene munthu saloledwa kudulamo mtengo. Mukayenda m'madera a Lilongwe, Dedza kapena Dowa nthawi yachilimwe, dziko lonse lili mbee, tinkhalango tobiriwira timene mumaona apo ndi apo ndi manda. Malamulo a zankhalango alephera kuteteza mapiri ambiri, Soche ndi Ndirande anametedwa mpala ife tikuona, koma mitengo ya kumanda yaima chifukwa cha ulemu ndi mantha. Anthu otere simungawauze za mvula ngati mukuwerenga mitengo ya katundu pamsika. Amayamba afunsa kuti akulankhulayo ndani, ndipo amuonapo kuti.

N'chifukwa chake zimandiwawa ndikakumbukira masiku a Freddy pakalendala. Pa 10 Malichi linali Lachisanu, tsiku la mzikiti. Pa 11 linali Loweruka, pa 12 Lamulungu. M'masiku atatu amenewo anthu ambirimbiri a kummwera anakhala pansi pa denga limodzi kumvera munthu amene amamukhulupirira. Palibe wailesi kapena foni imene ingafike pamenepo. Foni m'mabanja ambiri imayenda ndi bambo, ndipo magetsi akathima imafa. Mayi amene adzanyamule ana usiku amamva nkhani kumjigo, kuchigayo, kumsonkhano wa chigwirizano cha amayi ndi kutchalitchi. Pepala limodzi la chenjezo, lolembedwa m'Chichewa chomveka, lotchula mapiri ndi mitsinje mayina, lowerengedwa pa nthawi ya zolengeza, likanafika kumene uthenga wa pafoni sunafike. Ndikudziwa kuti alipo okhulupirira amene amati zonse ndi Mulungu, tsiku likakwana lakwana. Ndimawalemekeza, koma ndimawakumbutsa kuti Nowa atachenjezedwa anatenga nkhwangwa, ndipo Yosefe atamva za zaka za njala anamanga nkhokwe. Kupempherera mvula n'kwabwino, ndipo m'busa yemweyo akhoza kutsiriza pempherolo n'kuwerenga ulosi.

Koma ulosiwo uyenera kukhala womveka. Chaka china ndinakhala nawo pamsonkhano wa alimi pansi pa mtengo wa mango, mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Alangizi anafika panjinga yamoto ndi pepala la ulosi wa dzinja limenelo. Ulosi wotere umayambira pamsonkhano wa akatswiri a m'maiko a SADC wotchedwa SARCOF, umene umachitika chaka chilichonse dzinja lisanayambe, kenako akatswiri athu amauphwanya kuti ukwanire madera a kuno. Alangiziwo anawerenga mokhulupirika zimene zinalembedwa: mvula idzagwa ya mlingo wake mpaka yopitirira mlingo. Anthu anangoti zii. Kenako bambo wina wachikulire anavula chipewa nati, "Alangizi, pepani, ife sitinamve. Tibzale liti? Nanga ija imatithawa mu Januwale ija, chaka chino ithawanso?" Alangizi anayang'ana pepala lija kutsogolo ndi kumbuyo. Kenako anachita chinthu chimene sindidzaiwala. Anapempha chimanga chodzaza dzanja, nawerenga njere 20 palichero, nazigawa milu itatu, wa njere 8, wa njere 7 ndi wa njere 5. Anati, "Makolo anga, akatswiri sakunena kuti aiona mvulayo. Akuti titenge zaka 20 zimene nyanja ndi mphepo zaoneka ngati chaka chino. Pa zaka 8 mvula imagwa mwa nthawi zonse, pa zaka 7 imachuluka, pa zaka 5 imaperewera. Chaka chino ndi njere imodzi mwa izi, koma mulu umene ichokere sitikuudziwa." Bambo aja anayang'anitsitsa mulu wa njere 5 uja, nati, "Basi, mbali ina ndiikamo chinangwa ndi mbatata."

Mlimi saopa zosadziwika, chifukwa chaka chilichonse amabetcha mbewu yake ndi mitambo. Chimene amadana nacho ndi kuuzidwa mwamphamvu kuti mvula ichuluka, iye n'kugula mbewu yochedwa kucha ndi feteleza wa ngongole, kenako kumwamba kuti mbee. Akapsa kamodzi chotere, chaka chamawa wailesi ikayamba zanyengo amasintha siteshoni. Njira yotchedwa PICSA, imene inayambira ku University of Reading ku Britain ndipo alangizi ena kuno anaiphunzira, ili ndi mzimu womwewo wa njere zapalichero. Imaika pamaso pa alimi mbiri ya mvula ya dera lawo ya zaka zambiri, tsiku loyamba, tsiku lomaliza, utali wa ng'amba, kuti asankhe okha chobzala. Iyenera kufika mudzi uliwonse, isamathere pamene pulojekiti yathera.

Ngakhale mawu akuti kusintha kwa nyengo ali ndi vuto lake. M'Chichewa nyengo ndi mmene kwachera lero, nyengo ndi dzinja kapena chilimwe, nyengo ndi nthawi ya atsamunda. Ukamuuza munthu kuti nyengo ikusintha akhoza kukuyankha kuti inde, imasintha chaka chilichonse. Koma mufunseni kuti chizimalupsa anachiona liti komaliza pa nthawi yake, kapena kuti mtsinje umene ankasambamo ali mnyamata umaphwa mwezi uti masiku ano. Mukhala pamenepo mpaka dzuwa kulowa. Msodzi wa ku Kachulu akuwerengerani zaka zimene nyanja ya Chilwa inauma, 1968, 1995, 2018, ngati akutchula mayina a ana ake. Umboni anthu ali nawo. Akusowa wowalumikizira umboniwo ndi utsi wa mafakitale ndi magalimoto a kutali, ndi mfundo yakuti mpweya ukatentha ndi digiri imodzi umanyamula chinyezi choonjezera pafupifupi 7 pa 100 alionse, ndiye mvula ikati igwe imagwa yambiri nthawi imodzi.

Zizindikiro za makolo nazo ziyesedwe, tisangoziombera m'manja. Amati mango akabereka mopitirira ndiye kuti kuli njala, nang'omba akalira m'mamawa mvula ili pafupi, anamzeze akachuluka mlengalenga konzani mbewu. Zina mwa izi zikhoza kukhala zoona. Zina zinali zoona mvula isanasinthe mayendedwe. Zina timangokumbukira chaka chimene zinalasa n'kuiwala zaka zimene zinaphonya. Njira yodziwira ndi kulemba, ndipo pamenepa ndi pamene tili osauka zenizeni. Mu 2022, namondwe wa Ana atagumula damu la Kapichira n'kutisiya mumdima, gulu la akatswiri la World Weather Attribution linafufuza ngati kutentha kwa dziko kunaonjezera mvula ya anamondwe a dzinja limenelo. Linapeza kuti kunaonjezeradi, koma linalephera kunena mlingo wake, chifukwa m'dera lonse lino malo oyezera mvula okhala ndi mbiri yaitali yosadukiza ndi ochepa zedi. Chaka chomwecho maiko anagwirizana ku Sharm el-Sheikh ku Egypt zokhazikitsa thumba la chipukutamisozi pa zowonongeka ndi kusintha kwa nyengo, ndipo wokapempha kuthumba lotere amamveka bwino akakhala ndi manambala m'manja. Choyezera mvula ndi kachipangizo kotsika mtengo. Sukulu iliyonse ya pulayimale itakhala nako, mwana wa Sitandade 6 n'kumalemba m'kope m'mawa uliwonse, pambali pake n'kulembanso tsiku limene inswa zinauluka ndi limene agogo anati mvula yayandikira, pakutha pa zaka 10 tingadziwe zizindikiro zimene zikugwirabe ntchito. Mwanayo sangakule akuganiza kuti ayenera kusankha pakati pa aphunzitsi ndi agogo ake, monga ndinaganizira ine.

Komabe chenjezo, ngakhale limveke bwino chotani, limangokhala phokoso ngati munthu alibe kolowera. Anthu a ku Makhanga, pafupi ndi pamene Ruo amathira mu Shire, akhala akuuzidwa kuti asamuke, makamaka chidutsireni chigumula cha Januwale 2015. Ambiri m'tauni amawanena kuti ndi osamva, okonda zaulere. Khalani nawo pansi kaye. Madzi omwewo amene amagwetsa nyumba amasiya matope achonde, ndipo akaphwa munthu amalima chimanga, mbatata ndi nyemba kudimba pamene kumtunda kuli gwa. Manda a makolo ali komweko. Mfumu ikasamukira m'dziko la mfumu inzake imasanduka mlendo, ndipo anthu ake amalima pobwereka. Amene anamanga m'mbali mwa Soche sanakwere phiri chifukwa chokonda kamphepo. Anakwera chifukwa poloti ya kumunsi ndi lendi ya m'tauni sakanazikwanitsa, ndipo alipo amene anawagulitsa malowo n'kulandira ndalama. Lamulo latsopano la ngozi zogwa mwadzidzidzi limene Nyumba ya Malamulo inavomereza mu 2023 limapereka mphamvu zochotsa anthu m'malo oopsa. N'lofunika. Koma likagwiritsidwa ntchito ngati mkwapulo, popanda malo ena okhala ndi madzi, sukulu ndi dimba, anthu adzabwerera usiku, ndipo adzaphunzira kuwabisalira omwe amawachenjezawo.

Zimene zikugwira ntchito n'zazing'ono, ndipo zili kale m'manja mwa anthu. M'midzi ina ya m'chigwa muli zoyezera zopakidwa utoto wobiriwira, wachikasu ndi wofiira m'mbali mwa mtsinje. Madzi akafika pofiira, wa komiti ya m'mudzi wa kumtunda amaimbira anzake a kumunsi, iwo n'kuliza wezulo, ng'oma ndi chinkuzamawu. Munthu amadzuka chifukwa mawuwo ndi a munthu womudziwa dzina, ndipo wakutsina khutu ndi mnansi. Kumene tatsalira ndi kumapiri. Mudzi uliwonse wa m'tsinde mwa phiri uyenera kutenga okalamba ake ndi katswiri mmodzi, kuyenda nawo wapansi, kuloza pamene Napolo anadutsa mu 1991 ndi mu 2023, kujambula mapu, n'kugwirizana kuti mvula ikafika tsiku lachitatu osakata, a nyumba izi ndi izi akagona kutchalitchi chakuti kapena kusukulu yakuti, chingwe cha mbuzi chili m'manja. Ntchitoyi ndi yachangu, chifukwa okalamba amene amadziwa njira zakale za madzi tikuwaika m'manda mmodzimmodzi, ndipo palibe amene akuwafunsa.

Chilimwe chathachi ndinapita kumudzi. Agogo anatisiya kalekale, koma mwala wawo ulipo, ndipo m'dera lomwelo mwaonjezereka ina yatsopano, yoyera, yosayamba n'kumera ndere komwe. Chakumtunda pang'ono, pakamwa penipeni pa khwawa, ndinapeza mnyamata akuumba njerwa, maziko atakumba kale. Ndinamupatsa moni n'kumufunsa ngati akudziwa kumene miyala ija inachokera. Anati akudziwa, anaimva ikutsika. Ndinati, nanga bwanji pano, mphwanga? Anapukuta thukuta ndi mkono, naloza kumunsi kumene munda uliwonse uli ndi mwini wake, nati, "Ankolo, mundiuze poti ndimange, mawa lomwe ndifotsera maziko awa." Ndinalibe malo omulozera. Ndinangomupempha nambala ya foni, kuti tsiku limene a zanyengo adzanene za mvula ya masiku atatu pa Michesi ndidzamuimbire ndekha, ndimuuze kuti Napolo wadzuka, atenge mkazi ndi mwana akagone kusukulu.